Kasankhidwe ka Mbewu Zatsopano za M'dimba Chisanu Chikatha

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, mphepo ya mwera imayamba kuchepa ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba ofiira ngakhale mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mlimi wa m'dimba akaona zimenezi amadziwa kuti chisanu chapita. Mpiru umene anafesa mu Epulo wayamba kuchita maluwa, repu wagwidwa nsabwe, ndipo mabedi ambiri akutsala opanda kanthu. Iyi ndi nthawi imene alimi a ku Malawi, a kum'mawa kwa Zambia, a m'chigawo cha Tete ku Mozambique ndiponso a ku Zimbabwe amadzifunsa kuti m'mabedi amenewa abzalemo chiyani.

Ndi nthawi yomweyinso imene m'masitolo mumadzaza mapaketi a mbewu okhala ndi zithunzi zokongola, ndipo pa misika pamafika mbande zomangidwa m'mitolo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona kuti mtundu watsopano wa mbewu ungathe kusintha moyo wa banja. Komabe mbewu imene yasankhidwa molakwika imadya ndalama, madzi ndi thukuta la miyezi itatu, ndipo nthawi zina imasiya m'nthaka matenda amene sachoka kwa zaka zambiri. Phunziro lino lakonzedwa kuti lithandize alimi, alangizi ndi magulu a ulimi wothirira kusankha mwanzeru asanatulutse ndalama m'thumba.

Dziwani nyengo imene mukulowa

Kuyambira Seputembala mpaka Novembala, dera lathu limakhala pa nyengo yotentha kwambiri pa chaka chonse. Madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje amatsika, ndipo tizilombo timaswana mofulumira. Kenaka, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mvula imayamba ndipo imabwera ndi chinyezi pamodzi ndi matenda a masamba. Choncho mbewu imene mufesa mu Seputembala idzakumana ndi nyengo ziwiri zosiyana: idzakula pa dzuwa koma idzakhwima pa mvula. Mbewu yoyenera ndi imene ingapirire zonse ziwiri, kapena imene ingakhwime msanga mvula isanakhazikike. Chizimalupsa cha mu Okutobala chisakunyengeni, pakuti chimatsatidwa ndi masabata ena a dzuwa loopsa.

Malangizo olembedwa pa mapaketi ochokera ku mayiko a ku Ulaya sanalembedwere ife. Kumeneko anthu amatuluka m'chisanu mu Malichi ndi Epulo n'kulowa m'nyengo yofunda pang'onopang'ono, ya masiku aatali. Chitsanzo chabwino ndi anyezi. Mbewu imeneyi imayamba kubereka potengera kutalika kwa usana. Mitundu ya ku Ulaya imafuna usana wa maola 14 kapena kuposerapo, pamene kwathu kuno usana sufika pamenepo, motero anyezi wotero amangochita masamba osabereka. Ife tiyenera mitundu ya masiku aafupi monga Red Creole, amene amasungika nthawi yaitali, ndi Texas Grano, amene ndi wamkulu koma sachedwa kuola. Ngakhale mitundu imeneyi, nthawi yake yabwino yofesa ndi kumapeto kwa dzinja, cha mu Malichi ndi Epulo. Paketi ya anyezi si yoyenera kuithamangira mu Seputembala.

Kumbukiraninso kuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene madera ambiri a m'chigwa cha Shire safika pa mamita 200. Ichi ndi chifukwa chake kabichi amachita bwino ku Lizulu, ku Tsangano, ku Angónia ndi ku Nyanga pa nthawi imene mlimi wa ku Ngabu kapena wa m'chigwa cha Luangwa akhoza kungotaya mbewu yake. Mukamva kuti mtundu wina wachita bwino, funso loyamba likhale lakuti wachita bwino kuti.

Yambani ndi dimba lanu

Musanapite ku sitolo, pitani pa chitsime. M'mwezi wa Okutobala ndiwo zamasamba zimafuna madzi okwana malita 5 mpaka 7 pa sikweya mita iliyonse tsiku ndi tsiku. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limamwa malita 50 mpaka 70. Mlimi amene ali ndi mabedi 20 otere ayenera kutunga malita 1,000 kapena kuposerapo pa tsiku, amene ndi makeni 100 a malita 10. Ngati chitsime chanu chimaphwa mu Okutobala, kapena ngati otunga madziwo ndi anthu awiri okha, chepetsani mabedi ndipo sankhani mbewu zopirira. Mabedi asanu othiriridwa mokwanira ndi ophimbiridwa ndi udzu amapatsa zambiri kuposa mabedi makumi awiri ongowazidwa madzi pamwamba.

Chachiwiri, kumbukirani pamene madzi amalekeza mvula ikakula. Madimba ambiri a m'madambo amamira mu Januwale. Mbali ya kumunsi muikeko mbewu za masabata ochepa, ndipo mbewu zotenga miyezi itatu kapena inayi zipite kumtunda pa mabedi okwezeka.

Chachitatu ndi mbiri ya bedi lililonse. Tomato, mabiringanya, tsabola, mbatatesi ndi fodya ndi mbewu za banja limodzi ndipo zimagwidwa matenda ofanana. Chimodzimodzinso kabichi, mpiru, repu ndi chainizi. Kuchotsa repu n'kubzala chainizi pa bedi lomwelo si kasinthasintha wa mbewu ayi, ndi kungosintha dzina. Pamene munali mbewu za banja la kabichi m'chisanu, tsopano pafunika nyemba, khobwe, chimanga, bonongwe kapena mbatata.

Tomato

Alimi ambiri amene amafesa mu Seputembala amakhala akuganiza za tomato, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Mbande zimakhala pa nazale masabata 4 kapena 5, ndipo zikawokeredwa zimayamba kupsa patatha masabata 10 mpaka 12. Wofesa kumayambiriro kwa Seputembala amayamba kuthyola chakumapeto kwa Disembala, nthawi imene tomato amayamba kusowa pa msika ndipo mtengo wake umakwera. Koma tomato amasowa m'dzinja chifukwa chakuti ndi wovuta kulima pa nthawiyo. Walira mvula walira matope.

Vuto loyamba ndi kutentha. Masana akamapitirira madigiri 32, ndipo usiku osazizira, maluwa a tomato amayoyoka osabereka. Vuto lachiwiri ndi akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono tokhala kunsi kwa masamba, timene timachuluka kwambiri nyengo youma ndi yotentha mpaka masamba kuuma ngati awauka ndi moto. Kuwonjezera apa pali mbozi yotchedwa Tuta absoluta, yochokera ku South America, imene inapezeka ku Tanzania mu 2014 ndipo pofika 2016 inali itafika ku Zambia ndi ku South Africa. Mbozi imeneyi imalowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso, ndipo imayenda ndi mbande, madengu ndi makireti. Musakhulupirire wogulitsa amene akunena kuti mtundu wake wa tomato sugwidwa ndi mbozi imeneyi. Mvula ikayamba pamabweranso chiwawu, makamaka ku madera okwera ndi ozizira.

Pamene kusankha mtundu kumathandiza kwenikweni ndi pa matenda a m'nthaka. Rodade, mtundu wochokera ku South Africa, umapirira matenda ofotetsa tomato amene amayamba ndi mabakiteriya. Tengeru 97, umene unatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, umapirira minyongolotsi yotupitsa mizu ndi matenda ofota a Fusarium. Tanya, wa chaka chomwecho, ali ndi zipatso zolimba zimene zimayenda ulendo wautali osaphwanyika, choncho ndi woyenera alimi amene ali kutali ndi msika. Money Maker ndi mtundu wakale umene umatalika ndi kubereka kwa nthawi yaitali, koma umafuna timitengo ndi kuphata nthambi, ndipo zipatso zake ndi zofewa. Zilembo zimene zimalembedwa pambuyo pa dzina zili ndi tanthauzo. Pa Roma VF, V ndi F akuimira matenda awiri a Verticillium ndi Fusarium, ndipo pamene pali N ndiye kuti mtunduwo umapirira minyongolotsi ya m'mizu. Chilembo chimene palibe, chitetezo chakenso palibe.

Ndiye nkofunika kudziwa chimene chinapha tomato wanu chaka chatha musanagule wina. Ngati tomato anafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, ndipo wina akufotanso motero, dulani tsinde lake chakumunsi ndi kuliviika m'tambula ya madzi oyera osaligwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo patapita mphindi zochepa, amenewo ndi mabakiteriya. Palibe mankhwala opopera amene angachize matendawa. Bedi lotero lisaonenso tomato, tsabola, mabiringanya kapena mbatatesi kwa zaka zingapo, ndipo madzi ochokera pamenepo asayenderere ku mabedi ena. Ngati tomato anangopinimbira, zulani ndi kuona mizu. Mizu yotupa ngati mikanda ndi chizindikiro cha minyongolotsi.

Ndiwo zimene sizigulitsidwa m'mapaketi okongola

Tikamanena za mbewu zatsopano, ambiri amaganiza za mbewu zachilendo zokha. Koma mbewu imene simunaibzalepo pa bedi ndi yatsopano kwa inu, ngakhale agogo anu ankaithyola m'tchire. Bonongwe, luni, denje, therere lobala, chitambe ndi nkhwani zimakonda kutentha kumene kumagonjetsa kabichi ndi letesi. M'maganizo athu, mlimi amene madzi ake ndi operewera ayenera kuyamba waganizira ndiwo zimenezi asanaganize za tomato.

Bonongwe amathyoledwa patangotha masabata 4 kapena 5 chifesereni, choncho mungathe kukolola kawiri mvula isanamize dimba. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, ndipo ndi bwino kuzisakaniza ndi mchenga pofesa kuti zisathithikane. Mbewu ya luni imene yangokololedwa kumene simera bwino, imafuna kusungidwa miyezi ingapo, motero funani ya chaka chatha. Njere za denje zili ndi khungu lolimba. Zimangeni m'kansalu, ziviikeni m'madzi otentha kwa kamphindi kochepa, kenaka ziyanikeni pa mthunzi musanafese. Therere lobala, monga mtundu wa Clemson Spineless, limayamba kubereka patatha miyezi iwiri ndipo liyenera kuthyoledwa pakapita masiku awiri kapena atatu alionse lisanakhwime. Dziwani kuti therere limagwidwa kwambiri ndi minyongolotsi ya m'mizu, choncho lisatsatane ndi tomato. Ndiwo zimenezi zikachuluka sizitayika, pakuti zimafutsidwa n'kusungidwa.

Kwa amene akufunabe ndiwo za banja la kabichi, chomoliya, amene alimi a ku Zimbabwe amalima kwambiri, amabzalidwa pogwiritsa ntchito mphukira zake ndipo amathyoledwa kwa nthawi yaitali kuposa repu. Ofuna kabichi weniweni ku madera okwera asankhe mtundu wocha msanga monga Copenhagen Market m'malo mwa Drumhead amene amachedwa, chifukwa masiku ambiri m'munda ndi masiku ambirinso odyetsa mbozi.

Bedi limodzi lisiyireni mbatata

Chaka ndi chaka, mvula ikagwa, alimi amayendayenda kufuna mbewu ya mbatata. Amaipeza mochedwa, mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo kawirikawiri amatenga iliyonse imene yapezeka, yodwala ndi yosadziwika mtundu. Mlimi wa m'dimba ali ndi mwayi wopewa vuto limeneli. Akapeza mbewu yochepa ya mtundu wabwino mu Seputembala kapena Okutobala, angathe kuichulukitsa pa bedi lothirira kuti mvula yoyamba idzampeze ali nayo yokwanira munda wake, ina n'kugulitsa.

Mitundu yofunika kuiyesa ndi ya mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Mbatata ya magalamu 125 yokha imakwanira vitamini A amene mwana wosayamba sukulu amafuna pa tsiku. Ku Malawi mtundu wa Zondeni unavomerezedwa mu 2008, ndipo mu 2011 kunatulutsidwa Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu. Mwa imeneyi, Kaphulira imadziwika ndi kucha msanga. M'chaka chomwecho cha 2011 dziko la Mozambique linatulutsa mitundu 15 yopirira chilala, ndipo Maria Andrade, katswiri amene anatsogolera ntchitoyo, anali mmodzi mwa amene analandira mphoto ya World Food Prize mu 2016.

Mbiri ya mbatata yofiira ili ndi phunziro kwa aliyense wosankha mbewu. Mitundu yoyamba imene inayesedwa, yochokera ku America, inali ndi vitamini wambiri koma inali yamadzimadzi ikaphikidwa, ndipo anthu akuluakulu sanaikonde chifukwa anazolowera mbatata yaufa. Akatswiri anayenera kuyambanso ntchito yopanga mitundu yofiira koma youma m'kamwa. Mbewu ingapambane pa sikelo ya ku malo a kafukufuku, koma ikagonja mu mphika siibzalidwanso.

Samalani ndi mayina. Mbatata imene ku Malawi imatchedwa Kenya ndi yomweyo imene ku Zambia amati Chingovwa ndipo ku Tanzania amati Simama. Munthu angathe kuyenda ulendo wautali ndi kulipira ndalama zambiri pofuna mtundu watsopano, n'kubwera ndi mbatata imene ili kale kuseri kwa nyumba yake. Funsani alangizi kuti akuthandizeni kuzindikira mtundu poona masamba, khungu ndi m'kati mwake.

Pochulukitsa mbewuyi, tengani nsonga za kholowa pa mbatata ya miyezi iwiri kapena itatu imene masamba ake ndi osakwinyika ndi opanda mawanga achikasu. Musatenge chakutsinde, chifukwa kumeneko ndi kumene nankafumbwe wa mbatata amaikira mazira. Dulani tizidutswa ta mfundo zitatu ndi kubzala pa bedi la manyowa, kukwirira mfundo ziwiri, motalikirana masentimita 20 pakati pa mizere ndi masentimita 10 mu mzere. Pa sikweya mita imodzi pamalowa tizidutswa 50. Thirirani m'mawa ndi madzulo, ikani mthunzi wa udzu sabata yoyamba, ndipo tchingirani mbuzi. Patatha masabata 6 mpaka 8 mungayambe kudula mbewu ya masentimita 30 yokabzala kumunda, ndipo bedilo lidzaphukiranso. Munda wa mamita 10 mbali zonse, wa mizere yotalikirana masentimita 90 ndi mapando a masentimita 30, umafuna mbewu pafupifupi 370. Mbatata iliyonse ya pa bedi imene yaonetsa kukwinyika izulidwe tsiku lomwelo.

Kuwerenga paketi ndi kuyesa kameredwe

Gulani mbewu kwa ogulitsa ovomerezeka, m'paketi yomata bwino yolembedwa dzina la mtundu, nambala ya gulu la mbewuyo, tsiku limene inayesedwa ndi kameredwe kake. Paketi imene yakhala pa dzuwa pa benchi ya msika mpaka mtundu wake kusuluka isiyeni, ngakhale tsiku lake lisanathe. Mbewu ndi chinthu chamoyo ndipo kutentha kumaipha. Njere za anyezi zimafooka pakangotha chaka chimodzi, pamene za tomato zosungidwa pouma ndi pozizira zimatha zaka zitatu kapena zinayi. Utoto wofiira kapena wobiriwira pa njere ndi chizindikiro chakuti zapakidwa mankhwala, choncho zisadyedwe ndipo musambe m'manja mukatha kufesa. Koma utotowo pa wokha si umboni wakuti mbewuyo ndi yeniyeni, pakuti anthu achinyengo amadziwanso kupaka utoto.

Pamene palembedwa F1 ndiye kuti mbewuyo ndi ya haibulidi. Kawirikawiri imabereka kwambiri ndi mofanana, koma ndi yokwera mtengo, imafuna chakudya ndi madzi okwanira, ndipo njere zake mukazibwereza zimatulutsa mbewu zosiyanasiyana zosafanana ndi kholo lake. Mitundu monga Tengeru 97, Rodade, Money Maker ndi Red Creole si ya haibulidi, ndipo mlimi wosamala angathe kusunga mbewu yake. Haibulidi ndi woyenera kwa amene ali ndi msika wodalirika ndi madzi osaphwa. Kwa amene akulima ndiwo za pakhomo, ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino koposa pogula keni kapena kukonza mpanda.

Mbewu iliyonse imene mukuikayikira iyeseni sabata imodzi kapena ziwiri musanafese. Werengani njere 20 osasankha, ziikeni pa kansalu konyowa, kapindeni ndi kukaika m'mbale pa mthunzi. Kansaluko kasaume. Patatha masiku 7 mpaka 10 werengani zimene zamera. Zikamera 16 kapena kuposerapo, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera pakati pa 10 ndi 15, fesani yochulukirapo. Zikalephera kufika 10, musataye nayo nthawi.

Ogula mbande pa msika ayang'ane mizu asanayang'ane masamba. Mbande yabwino ya tomato imakhala yaifupi, ya masentimita 12 mpaka 15, ya tsinde lonenepa ndi masamba 4 mpaka 6, ndipo mizu yake ndi yoyera yopanda zotupa. Mbande zazitali zowonda, kapena zimene zayamba kale maluwa, zakhalitsa pa nazale. Tembenuzani masamba ndi kuona kunsi kwake. Kunena zoona, nazale ya pakhomo pa dothi limene simunalimepo tomato ndi yodalirika kuposa mtolo wa mbande umene simukudziwa kumene wachokera.

Mphatso zimene zimabwera ndi matenda

Kupatsana mbewu ndi mwambo wabwino, ndipo mitundu yambiri imene timadalira inafalikira motero. Koma mbewu zimene zimabzalidwa pogwiritsa ntchito mphukira, mitengo kapena kholowa zimanyamula matenda onse a kholo lake. Alimi a nthochi a ku Malawi akudziwa bwino zimenezi. Matenda a chisaka, amene anaoneka m'dzikomo m'zaka za m'ma 1990, anafalikira ndi ana a nthochi opatsana komanso ndi nsabwe za nthochi, ndipo anatha minda ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota ndi ku Thyolo. Nthochi yodwala imapinimbira, masamba ake amakhala aang'ono, oimirira ndi othithikana pamwamba, ndipo sibereka. Mwana wa nthochi wochokera pa phata lodwala angaoneke wabwino pa tsiku lomutenga. Musalandire mphukira kuchokera ku dera kumene kuli chisaka, ngakhale wokupatsaniyo ndi mbale wanu.

Chinangwa chili ndi mbiri yofanana. Nsabwe zoyera za chinangwa zinalowa mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pa mitengo ya chinangwa yochokera ku South America, ndipo pofika m'ma 1980 zinali zitasautsa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Zinagonja pokhapokha akatswiri a bungwe la IITA atabweretsa kachilombo kouluka kochokera ku South America komweko kamene kamapha nsabwezo. Lero chimene tiyenera kuopa ndi khate la chinangwa pamodzi ndi matenda oola chinangwa m'kati, amene anayamba kulembedwa ku Amani m'dziko la Tanzania mu 1936 ndipo anapezekanso kumpoto kwa Zambia mu 2017. Matenda achiwiriwa ndi onyenga, pakuti mtengo ungaoneke wabwino koma chinangwa chake n'kupezeka ndi mawanga ouma abulawuni pokumba. Musanatenge mitengo m'munda wa munthu, pemphani kuti akumbe phata limodzi kapena awiri ndi kudula chinangwacho muli pomwepo.

Ichi ndi chifukwa chake mayiko amafuna chikalata cha umoyo wa mbewu pa chipata, ndipo mabungwe a kafukufuku akamapatsana mitundu yatsopano amaitumiza ili m'timabotolo, itayesedwa kuti ilibe matenda. Alimi a m'malire, amene minda ndi abale awo ali mbali zonse ziwiri, ayenera kusamala koposa. Chenjezo lomweli likukhudzanso maluwa okongoletsa pakhomo. Namasupuni, amene amatseka mtsinje wa Shire, mtsinje wa Kafue ndi nyanja ya Chivero, anafalitsidwa m'mayiko ambiri ndi anthu amene anakopeka ndi duwa lake.

Ofuna mitengo ya zipatso aigule mu Okutobala kapena Novembala, akumbiretu mayenje, ndipo aibzale mvula ikakhazikika. Mango omezanitsa monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt amayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi. Onetsetsani kuti chipsera cha pomezanitsa chikuoneka ndipo chapola, ndipo pobzala chikhale pamwamba pa dothi.

Yesani pang'ono, pafupi ndi mbewu yanu yakale

Mtundu watsopano, ngakhale woyamikiridwa ndi alangizi, usatenge dimba lonse chaka choyamba. Upatseni bedi limodzi pa mabedi khumi alionse, ndipo mitundu yoyesa isapitirire iwiri kapena itatu, chifukwa ikachuluka simungathe kuilondoloza. Bedi loyeseralo likhale moyandikana ndi la mtundu umene mumalima kale. Fesani tsiku limodzi, thirani manyowa ofanana ndi madzi ofanana. Alimi ambiri amalakwa pamenepa mosazindikira: mbewu yatsopano amaiika pa dothi labwino pafupi ndi chitsime, amaipatsa feteleza wambiri, kenaka n'kumatama mtunduwo pamene chimene chabereka ndi chisamaliro.

Khomani chikhomo cholembedwa dzina la mtundu ndi tsiku lofesa, ndipo paketi yake isungeni. M'kope lembani tsiku limene mbewu inamera, tsiku la maluwa oyamba, chiwerengero cha zimene zafa ndi chimene chazipha. Zokolola ziyezedwe ndi ndowa kapena dengu limodzi lomwelo nthawi zonse. Kenaka mitundu iwiriyo iphikidwe m'miphika iwiri tsiku limodzi, ndipo amene amaphika pakhomopo ndi ana anene maganizo awo pa kakomedwe, nthawi imene yatenga kuti ipse ndi nkhuni zimene yatha. Ina ipite ku msika kuti mumve zimene ogula anena, ndipo tomato pang'ono asiyidwe pa lichero m'nyumba kuti muone masiku amene akhala asanaole.

Pa gulu la alimi khumi, ndi bwino kuti anthu atatu kapena anayi a madimba osiyana ayese mtundu umodzi womwewo, wina wa dothi la mchenga, wina wa makande, ndipo gulu lonse liyendere mabediwo kawiri, pa nthawi ya maluwa ndi pa nthawi yokolola. Chaka chimodzi sichikwanira kuweruza mbewu, pakuti mvula ya chaka chino si ya chaka chamawa. Mtundu umene wachita bwino uwonjezeredwe mabedi chaka chachiwiri. Pa nthawi yonseyi mbewu yanu yakale isatayidwe. Iumitseni bwino pa mthunzi, isakanizeni ndi phulusa losefa pang'ono, itsekereni m'botolo louma lolembedwa dzina ndi chaka, ndipo botololo liikidwe m'chipinda chozizira, kutali ndi moto wa kukhitchini.